Dzina la Abiti pa Bolodi

Foni inanjenjemera pamwamba pa mutu wa makina osokera, chitsulo n'kulira ngati njuchi yotsekeredwa m'chitini. Safina anaitola msanga isanadzutse anthu. M'holo monse munali mdima, anthu atagona mothithikana pa timatilesi topyapyala ta chithandizo, fungo la utsi likadali m'zovala ndi m'tsitsi mwawo. Nambala inali yachilendo. Anaika foni pakhutu osanena kanthu, monga anazolowera, kuti woimbayo ayambe ndiye. Koma nayenso sanayankhule. Kunkangomveka mpweya wa munthu, ndipo kumbuyo kwake, chapatali, kaphokoso kaja: tii, tii, tii. Kulira kwa fokolifiti, galimoto ija yonyamulira katundu wolemera, ikamabwerera m'mbuyo.

Anadula. Tahira, mwana wake, anali m'tulo, mwendo umodzi atauponya pamimba pa mayi ake. Safina anaugwira mwendowo ngati pali wina amene akuukoka.

Kaphokoso kameneko si ka kuno ku Verulam, kunja kwa mzinda wa Durban. N'ka ku Mobeni, m'mashedi a katundu momwe Che Kasim, amuna ake amene anawathawa, amagwira ntchito ya usiku. Nthawi yonse imene anakhala nawo, akaimba foni pakati pa usiku kufunsa ngati wakhoma chitseko komanso kuti masana anayankhula ndi ndani, kaphokosoko kankakhala kumbuyo kwa mawu awo. Nambala yatsopanoyi sankayenera kuidziwa. Safina anachezera maso, akuzunguza m'mutu anthu ochepa amene anawapatsa nambalayo, koma sanapeze woti amuloze chala.

Mayiyu kwawo ndi ku Namwera, kumapiri a ku Mangochi. Bambo ake, malemu Che Shamsudin, anali telala wa pakhonde la sitolo, ndipo iye anaphunzira kupalasa makina miyendo yake isanafike n'komwe pachopondera. Sukulu anailekezera Fomu Thu. Kwawoko mkazi akakula samuitananso dzina la ubwana. Amamutchula ndi dzina la bambo ake, kutsogolo n'kuikako Abiti, kutanthauza mwana wamkazi wa uje. Choncho atangotha msinkhu anakhala Abiti Shamsudin, kumsika, kuchigayo, kumzikiti komwe. Dzina loti Safina linatsalira kusukulu ndi pakamwa pa mayi ake akapsa mtima.

Che Kasim anatulukira kuchokera ku Joni nyengo ina ya Idi, nsapato zili zosongoka, mawu ali ofatsa. Ukwati unamangidwa mothamanga chifukwa tchuthi chawo chinali chachifupi. Pokapangitsa pasipoti, cholembera anagwira ndi iwo. Anati paboda amavutitsa mwamuna ndi mkazi akakhala ndi mayina osiyana, ndiye analemba Safina Kasim. Iye sanatsutse. Mtima wake unali pa basi, pa nyanja yamchere imene ankangoimva, pa makina amagetsi amene anamulonjeza.

Makinawo anamuguliradi, ngakhale anali ogwirapo kale ntchito kwina. M'kachipinda kawo ka lendi pafupi ndi mafakitale ankasoka makatani ndi zovala za mapilo, zimene amayi a geni ankakagulitsa ku Limbe ndi ku Lilongwe ngati zochokera m'mashopu akuluakulu a ku Durban. Tahira anabadwira momwemo. Nkhanza zinayamba pang'onopang'ono ngati kudontha kwa denga: lero wayang'ana bwanji mwamuna uja, mawa n'chifukwa chiyani waseka pafoni, mkuja mbama. Zimenezo Safina anapirira, poti anaona amayi ambiri akupirira. Chimene sanathe kumeza ndi pamene Che Kasim ananena kuti mwana akachoka pabere amutumiza kwa amayi awo ku Katuli, pa galimoto la anyamata onyamula katundu, kuti Safina akalowe ntchito yeniyeni kufakitale.

Kwawo mwana ndi wa kuchikazi. Zoti mwana akakhale kuti amanena ndi amjomba, mlongo wawo wa mayi, osati bambo. Safina ananena zimenezo mwaulemu, atagwada. Che Kasim anangoseka, nati ku Joni kuno kulibe mjomba. Tsiku lina pochokera kogula ulusi anapeza timalaya ta Tahira tatalongedwa kale m'chikwama chija cha mizeremizere cha apaulendo, chitabisidwa kuseri kwa bedi. Madzulo ake Che Kasim atapita kuntchito, anabereka mwana, anamasula mutu wa makina, nautsendera m'chikwama chomwecho, n'kutuluka osatseka ndi chitseko chomwe.

Anakhala m'malo ambiri. Kulikonse kumene wafika ankapeza Mmalawi, ndipo Mmalawi aliyense ali ndi mnzake amene ali ndi mlamu wake ku Mobeni. Akangomva wina akuti, inu sindinakuoneni penapake, ankadziwa kuti nthawi yomanga chikwama yakwana. Pamapeto pake anafika ku Verulam, pa chitunda chimene akuti kale chinali munda wa nzimbe, pomwe anthu anamangapo mijondolo, timanyumba ta malata ndi matabwa togundana misana. Anataya simu khadi yakale, anatuluka m'gulu la pafoni la Amalawi othandizana pa maliro, anasiya kupita kumzikiti kumene kumapita anthu akwathu. Anatenganso dzina loti Shirley, limene anamupatsa mayi wina wa Chimwenye amene ankamusitira zovala, poti mayiyo analibe nthawi yophunzira dzina latsopano la wantchito aliyense.

Pa chitundapo Shirley ankadziwika ngati mayi wosayankhulayankhula amene amasoka mayunifolomu a ana asukulu ndi kuika zigamba zosaoneka. Chizulu chake chinali chochepa, cha yebo ndi sharp ndi mitengo ya zinthu, ndipo ankachiyankhula chapansipansi kuti lilime lisamuulule. Maso ake ankakhala pa njira yokwera kuchokera kumsewu. Aliyense wovala chisoti choyera cha kumzikiti akatulukira kumunsiko, makina ankaima. Chichewa ankachisungira usiku, iye ndi mwana atafunda kumutu, moti Tahira ankachitcha chiyankhulo cha m'bulangete. MaMkhize, mayi wachikulire wa Chizulu woyandikana naye nyumba, anazindikira kalekale kuti ameneyu si wa kuno, koma sanafunse. Ankangomubweretsera masiketi a kutchalitchi kuti awakulitse m'chiuno, akudandaula kuti nsalu za masiku ano zimafupika zokha.

Moto unabwera masana a mphepo. Ena amati unayamba ndi chitofu cha parafini, ena amati ndi mawaya a magetsi, koma ukafika pa mijondolo moto safunsa kuti wayamba ndani. Safina anatulutsa mwana, mutu wa makina, ndi kajumbo ka mapepala. Zina zonse zinasanduka phulusa iye akuyang'ana, ali pansi tsonga m'mbali mwa msewu, akutsokomola.

Ali pomwepo anafika anthu olemba mayina a amene apsa, otumidwa ndi ofesi ya khansala, pamodzi ndi ena ongodzipereka. Amene anaima pamaso pa Safina anali bambo wokalamba wa Chimwenye, wa ndevu zoyera ndi kachisoti, magalasi ali pamphuno monga ankavalira Che Shamsudin polowetsa ulusi m'singano. Ataona mpango wake anamupatsa salamu, namufunsa mofatsa m'Chingerezi kuti dzina lako ndani, mwana wanga. Munthu wamkulu ngati ameneyo sumupatsa dzina lopatsidwa ndi bwana, ndipo sumupatsa dzina la ubwana. Pakamwa panayankha pokha, mutu usanaganize.

"Abiti Shamsudin."

Bamboyo analemba monga wamvera: dzina loyamba Abiti, la bambo Shamsudin. Anafunsa nambala ya nyumba imene inalembedwa ndi penti pachitseko chopsacho, nambala ya foni, ndi ana angati. Anamupatsa mwana botolo la madzi n'kupita kwa wina.

Patapita masiku ochepa mayina onse anamatidwa pa bolodi la galasi pakhomo la holo imene anthu opsawo ankagonamo. Bolodi limenelo lili ndi mbiri yake. Moto wa m'mbuyomo, malata ndi milimo zimene zinabwera kudzathandiza anthu zinathera kwa ena amene sananunkhe n'komwe utsi, ndipo palibe ankadziwa kuti analembedwa ndani, anasiyidwa ndani. Anthu anatseka msewu, anayenda mpaka kuofesi, MaMkhize ali kutsogolo ndi ambulera yawo, mpaka anagwirizana kuti kuyambira pamenepo mayina aziikidwa poyera, aliyense awerenge, wotsutsa atsutse. Ulendo uno bolodilo linagwiradi ntchito. MaMkhize anapezapo dzina la munthu amene anamwalira kale, nakuwa mpaka linafufutidwa, komanso anaona kuti gogo wina wosaona bwino wasiyidwa, nakamulembetsa. Safina naye anaima pa gulu la owerengawo, naona dzina lake pakati pa a Ngcobo ndi a Zungu. Anadzilimbitsa mtima. Ndani kuno angadziwe Abiti? Ana ena ankaliwerenga mokweza n'kumafunsana ngati ndi dzina la mwamuna.

Kutacha, pambuyo pa foni ya usiku ija, anaimba Halimah, mnzake wa ku Namwera komweko amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Durban North, munthu yekhayo wakwawo amene anali ndi nambala yake. Ankayankhula monong'ona, makina ochapira akulira pambali pake. Anati a Thomas, tcheya wa gulu lija la maliro, atamva za moto anakwera taxi kudzaona ngati pali Amalawi amene akhudzidwa. Anawerenga bolodi lonse. Amalawi ena analipo, koma analembetsa mayina oti sungawagwire. Dzina limodzi lokha ndi limene linawakuwira ngati munthu wayankhula Chiyao m'basi. Anajambula pepalalo ndi foni, n'kuliponya pagulu.

Halimah anamutumizira chithunzicho. Mzere wake unazunguliridwa ndi chofiira: dzina, nambala ya nyumba, nambala ya foni, mwana mmodzi. Pansi pake a Thomas analemba kuti: Abale, mlongo wathu uyu wapsa nyumba ku Verulam ndipo ali ndi mwana. Amene ali ndi kabulangete kapena zovala za ana tiyeni tithandize. Anthu ambiri anayankha mwachifundo, ena ndi mapemphero, ena kulonjeza miphika. Chakumunsi kunali yankho lalifupi la Che Kasim: Zikomo a tcheya, ameneyo ndi wanga.

Safina anasiya mwana ndi MaMkhize n'kutsikira kuofesi ya khansala. Mzere unali wautali, wa anthu onunkha utsi ngati iye, ena odzatsutsa mayina, ena odzafunsa kuti malata afika liti. Atafika kutsogolo anapeza mtsikana wa maso otopa, dzina lake Nokuthula litalembedwa pachifuwa, tiyi wake atazizira kalekale m'kapu. Safina anasonkhanitsa Chizulu ndi Chingerezi chonse chimene anali nacho, nafotokoza chapansipansi kuti pali munthu amene sayenera kudziwa kumene iye ali, ndipo wadziwira pa bolodi. Anamuonetsa chithunzi chija.

Mtsikanayo anachiyang'ana nthawi yaitali, nati eish. Anati nambala za foni sizinayenere kumatidwa, pali lamulo loteteza zinthu za munthu ngati zimenezo, koma amene anasindikiza anatulutsa pepala lonse monga linalili chifukwa anthu ankafuna kuthyola chitseko. Anadzuka, anatenga kiyi ndi cholembera chakuda chonenepa, nayenda naye mpaka kuholo. Anatsegula galasi, nadetsa nambala za foni zonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, za aliyense, pepala ndi pepala. Safina anayang'ana nambala yake ikulowa m'mdima wa inki. M'thumba mwake, pa chithunzi, inali ikadali mbee.

Anapempha kuti dzinalonso alidetse. Nokuthula anapukusa mutu. Anati dzina ndi nambala ya nyumba ziyenera kukhala poyera mpaka malata agawidwe, ndi zimene anthu a pachitunda anamenyera, ndipo iye akadetsa dzina limodzi mawa kubwera chigulu kudzafunsa kuti akubisa m'bale wa ndani. Chimene angathe ndi kukonza dzina ngati linalembedwa molakwika, malinga pakhale pepala losonyeza dzina lolondola. Safina anatulutsa pasipoti m'kajumbo, chala chitaphimba tsamba la masiku ololedwa kukhala m'dzikomo amene anatha kalekale.

"Safina Kasim. Tilembe limeneli, sisi?"

"Ayi. Limenelo ndi la amene akundifunawo."

"Nanga anthu kuno amakutchulani ndani?"

"Shirley."

"Muli ndi pepala la Shirley?"

Analibe. Shirley anali munthu wa pakamwa basi. Analipo pachitunda, ankasoka, ankatunga madzi pampopi, koma sanalembedwe paliponse pa dziko lapansi.

Mtsikanayo anapumira m'mwamba. Anati njira yotsala ndi kuchotsa mzere wonse, ndipo angachite pompo ngati mwini wake wafuna. Koma amene sali pa bolodi ndiye kuti sanapse. Sadzalandira malata, ndipo malo ake aja pachitunda adzamangapo wina, poti palibe chosonyeza kuti panali nyumba ya munthu. Anawonjezera kuti ngati mwamunayo ndi woopsa, kukhoti amapereka chikalata choletsa munthu kukuyandikira. Safina anagwedeza mutu mothokoza. Mumtima ankadziwa kuti kukhoti adzayamba ndi pasipoti, ndipo sadzalola chala kukhala pa tsamba lija. Anati akaganiza kaye. Nokuthula anakiya galasi, nabwerera ku mzere wake ndi tiyi wozizira.

MaMkhize anali atakhala pa kreti kuseri kwa holo, akuluka tsitsi la Tahira. Safina anakhala pansi pambali pawo, ndipo kwa nthawi yoyamba anawauza zonse, kuyambira chikwama cha mizeremizere mpaka fokolifiti. Mayiwo anamvetsera manja akugwirabe ntchito. Safina atamaliza, MaMkhize anati ndiye kuti iwe uli ndi mayina atatu ngati tsotsi, koma wosauka ngati mbewa ya m'tchalitchi. Kenako nkhope inalimba. Anati za bolodi asawauze kuti n'loipa, chifukwa iwo anagona panja mwezi wamvula chifukwa chosowa bolodi limenelo, ndipo lero gogo wosaona uja akanasiyidwanso. Safina anati sakunena kuti n'loipa. Analira mvula onse, matope agwera iye. MaMkhize anamanga kansonga ka tsitsi. Anati mng'ono wawo ali ndi nyumba ya njerwa kumtunda, ya geti ndi galu, ndipo mwana atha kumagona kumeneko. Koma iweyo, anafunsa, uthawanso?

Safina anakumbukira mutu wa makina umene unali pakhomo la holo, utakutidwa ndi thaulo. Phewa lake lamanja linkaudziwa kulemera kwake kuposa munthu wina aliyense. Anaganiza za kufika pamalo atsopano madzulo, kufunsa chipinda ndi lilime lobisa, kuyambanso kufuna makasitomala, kuphunzitsanso mwana kuti kuno dzina la amayi ndi lakuti. Anaganiza za mayunifolomu a ana a eni ake amene anapsera m'nyumba mwake, amene analonjeza kuti adzasokanso. Ndipo kumene angapiteko kudzakhala moto wina, kapena madzi osefukira, kapena kliniki, kapena sukulu ya Tahira, ndipo wina adzaima pamaso pake ndi cholembera. Mantha analipo, osachepa n'pang'ono pomwe. Koma pansi pa manthawo panali kutopa, kolemera ngati bulangete lonyowa.

Dzuwa litapendeka anamva mawu pakhomo la holo amene anamuimitsa mtima. Munthu ankafunsa m'Chichewa, mokweza ngati ali pa depoti ya ku Wenela, kuti Abiti Shamsudin ndi ati. Sanali Che Kasim. Anali bambo wamfupi, wa jekete lalikulu, atanyamula jumbo yakuda yodzaza zovala. Anthu anayamba kutembenuka. Safina anathamanga, nawagwira mkono wa jekete, chinthu chimene kwawo sakanachita kwa bambo wamkulu, n'kuwakokera kuseri kwa thanki ya madzi.

"A Thomas, chonde tsitsani mawu. Kuno sitiyankhula chimenechi."

A Thomas anadabwa, kenako anamwetulira, nayamba kumasula jumbo kuti amuonetse zimene abale apereka: masiketi, kajuzi ka mwana, bulangete la mayi wina wa ku Isipingo. Anati ndi iwo amene anamupeza, anawerenga mapepala onse mpaka maso kuwawa, ndipo atangoona Abiti anadziwa kuti uyu ndi wathu. Anati amuna ake akondwera kwambiri, awaimbira m'mawa kufunsa kuti holo yake ndi iti, ndipo abwera Loweruka akapuma kuntchito.

Safina anawauza chifukwa chimene anathawira amuna akewo. Sanakweze mawu, ndipo misozi sinabwere. A Thomas anasiya kumasula jumbo. Poyamba anadziteteza, nati bolodi ndi la aliyense, iwo sanabe kanthu, sanathyole ofesi ya munthu, anangowerenga zimene boma laika poyera. Safina anavomera kuti n'zoona. A Thomas anati atha kufufuta chithunzicho pompano. Safina anati chafika kale kumene chimapita. Bamboyo anavula chipewa, napukuta thukuta pa dazi, nayang'ana pansi. Anati iwo ndi a ku Mulanje, akhala akunyamula maliro a Amalawi zaka zambiri, ndipo vuto lawo nthawi zonse limakhala la anthu osadziwika, ogona m'mochale opanda dzina, abale kumudzi akudikira. Anazolowera kuti kupeza dzina la munthu ndi kumuthandiza. Zoti dzina lingapweteke wamoyo sanaziganize.

Anaima choncho onse awiri, madzi akudontha pa mpopi wa thanki. Kuchokera pamenepo Safina ankatha kuona bolodi, anthu akadali pamenepo kuloza ndi zala. Dzina limene linamuulula linali limodzi lokha mwa atatuwo limene sanapatsidwe ndi mwamuna kapena bwana. Linkanena kuti iye ndi mwana wa ndani. Ndipo kwawo, ukadziwa kuti mayi ndi wa ndani, wadziwanso kuti mwana wake ndi wa kuti. Che Kasim ananena kuti ku Joni kulibe mjomba, ndipo zinali zoona nthawi yonse imene nkhaniyo inali ya anthu awiri m'kachipinda kotseka, kapena ya mayi wothawa usiku amene palibe akumudziwa. Koma tsopano gulu lonse linali litawerenga dzinalo, kuphatikizapo akuluakulu a ku Mangochi amene amadziwa mwambo, ndi shehe amene amawerenga dua pa maliro a gululo.

Sankadzinamiza kuti zikhala zophweka. Akuluakulu ndi amuna, ndipo ambiri amadya limodzi ndi Che Kasim. Atha kunena kuti banja ndi kupirira. Amjomba ake, Che Mahmoud, atha kumukalipira chifukwa chokhala zii nthawi yonseyi osaimba ngakhale pa Idi, atha ngakhale kumuuza kuti abwerere kwa amuna ake. Koma za mwana, ankawadziwa amjomba akewo. Anakanapo kale kupereka mdzukulu wina kuchimuna pamaso pa amfumu, ndipo sanagwedezeke. Mwana akanenedwa pagulu kuti ndi wa kwa Abiti Shamsudin, kumukweza mobisa pa galimoto la katundu kukhala kuba, ndipo anyamata onyamula katunduwo nawonso ali pagulu lomwelo.

"A tcheya," anatero, "dzina langa mwalikuwa kale. Ndiye malizitsani."

Anawauza zimene akufuna. Aitane akuluakulu ndi shehe lisanafike Loweruka, kumalo kwina, osati kuno kuholo kumene anthu angamve chiyankhulo. Che Kasim aitanidwe kumeneko, ndipo auzidwe kuti ku Verulam asapondeko nkhani isanakambidwe. Iye adzabwera ndi Halimah, ndipo amjomba ake adzakhala pafoni, mawu ali pokweza kuti aliyense amve. Mwana sadzabwera naye. A Thomas anavomera zonse mogwedeza mutu, mofulumira ngati munthu amene wapeza pokoleka chipewa chake. Ananyamuka atasiya jumbo, ndipo potsanzika ananong'ona.

Madzulo amenewo Safina anaperekeza Tahira kumtunda, MaMkhize ali patsogolo, mpaka pa nyumba ya geti ndi galu. Anamugoneka, nafunda naye kumutu kwa kanthawi, namuuza m'chiyankhulo cha m'bulangete kuti amayi abwera m'mawa. Pobwerera anadutsa pa malo pamene panali nyumba yake. Panali phulusa, misomali yopindika, ndi chopondera cha makina chitada bii. Anatola miyala inayi naika m'makona, monga anachitira anzake, kuti wodutsa adziwe kuti pali mwini.

Kuofesi sabwererako kukachotsa mzere uja. Dzina likhale pa bolodi mpaka malata abwere, ndipo akadzaitana Abiti Shamsudin adzaimirira pamaso pa anthu onse n'kukalandira. Anakhala pa mwala umodzi, natulutsa foni. Nambala ya Che Mahmoud inapita ndi simu khadi yakale, koma inali ikadali m'mutu, kuyambira masiku amene ankaiimba ali mtsikana kupempha fizi. Anailemba pang'onopang'ono, akukonza m'kamwa mawu oyambira, poti kwa amjomba suyamba ndi vuto, umayamba ndi moni ndi kufunsa za mvula.